Pepala ndi Dothi: Mbiri ya Kugula Malo Kumpoto

Mwina nanunso uthengawu unakufikani pafoni: "Malo akugulitsidwa, maekala 5, m'mbali mwa nyanja chakufupi ndi Chitimba. Mchenga woyera, msewu uli pafupi, mapepala onse a amfumu alipo." Mukauyerekeza mtengo wake ndi wa kapuloti kongokwana nyumba ndi chimbudzi ku Area 25 kapena ku Chileka, mutu umayamba wokha kuwerengetsa. Apa kaloji, apo nthochi, uko nyumba yodzakhalamo mukadzapuma pantchito. Sindikukuletsani ayi. Kumpoto n'kokongola, ndipo Mmalawi ali ndi ufulu wokhala kulikonse m'dziko lake. Koma mawu aja akuti "mapepala onse alipo" ali ndi mbiri yaitali, ndipo sabata ino ndati tiifukule pang'ono inu musanatumize dipoziti.

Sindinu woyamba kugula malo kumpoto musanawayende ndi phazi. Tiyambire m'chaka cha 1884. Kampani ya amalonda a ku Glasgow yotchedwa African Lakes Company, ija makolo athu ankangoti Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a bwana wake John Moir, inatsegula sitolo ku Karonga moyang'aniridwa ndi Monteith Fotheringham. Chimene inkafuna ndi minyanga ya njovu komanso njira yochoka kunyanja yathu kukafika ku nyanja ya Tanganyika. M'zaka zomwezo anthu a kampaniyi anayendera mafumu a m'derali atanyamula mapepala olembedwa m'Chingerezi, mafumuwo n'kumaikapo chizindikiro.

Kodi mfumu imene inkaika chizindikiroyo inkati ikutani? Pa mwambo wathu, kaya wa Chichewa, kaya wa Chitumbuka, kaya wa Chingonde, mlendo akapempha malo amamulozera poti amange ndi poti alime. Akachoka, malowo amabwerera kwa eni mudzi. Nsalu kapena mikanda imene wapereka ndi yothokozera chabe, si mtengo wa dothi. Mfumu inkadziwa kuti yalandira mlendo. Mlendoyo m'buku mwake analemba kuti wagula. Komanso posakhalitsa, kuyambira 1887, Angonde anali pamoto ndi Mlozi, wogula akapolo uja amene anamanga linga ku Mpata. Pa nthawi ngati imeneyo, mzungu wamfuti anali bwenzi losati n'kumalipanikiza ndi mafunso.

Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo Harry Johnston anabwera ngati woimira boma. Kuyambira 1892 iye anayamba kuunika zonena za azungu onse amene ankati anagula malo kwa mafumu. Amene wamuvomereza ankamupatsa chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Zikalata zonse pamodzi zinakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, kapena kuti magawo 15 pa 100 aliwonse a dziko lino. Tsopano imvani izi: mwa maekala amenewo, pafupifupi 2.7 miliyoni anali m'boma limodzi lokha la North Nyasa, dera limene lero ndi Karonga, Chitipa ndi mbali yaikulu ya Rumphi. Kusukulu nkhani yolanda malo tinaiphunzira ngati ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ya thangata, ya Magomero ndi John Chilembwe. N'zoona, kumeneko ndiko kunakhetsedwa misozi ndi magazi. Koma pepala lalikulu kuposa onse linali la kumpoto.

Pepala limenelo silinakhalitse m'manja mwa a Mandala. Linapita kwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes, imene inali italowa kale m'kampani ya Mandala ndi ndalama zake. Ndipo kampani ya Rhodes yomweyo ndi imene inkapereka mapaundi 10,000 pachaka oyendetsera boma la Johnston m'zaka zoyambazo. Woweruza nkhani ya malo ankadya za m'thumba la mwini nkhani. Ine sindiwonjezerapo kanthu, muweruze nokha.

Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri okhala pamalopo moyo wawo sunasinthe. Ku Ngerenge anapitiriza kulima nthochi ndi kuweta ng'ombe, ku Misuku anapitiriza kubzala mawere ndi nyemba, maliro ankaikidwa m'manda a makolo monga kale. Kampani sinatsegule minda ikuluikulu ngati ya ku Thyolo. Kunali kutali, njanji kunalibe, ndipo mtima wa Rhodes sunali pa khasu koma pa zimene zili pansi pa nthaka. M'zaka za m'ma 1930 kampaniyi inabweza dothi la pamwamba kuboma n'kusunga ufulu wokumba migodi. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 40, mwana ankabadwa, kukula, kukwatira ndi kubereka pamalo amene m'mabuku a ku Zomba ndi ku London anali a kampani imene sanaionepo. Pepala linali kwina, dothi linali kwina.

Amene anakumana nalo pepalali maso ndi maso ndi Robert Laws. Mishoni ya Livingstonia itayesa ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Bandawe mu 1881, malungo osaleka, Laws anasankha phiri la Khondowe mu 1894. Kumeneko kunali anthu, Aphoka, okhala m'mapiri momwemo. Koma poti malowo anali m'kati mwa chikalata chija, nkhani ya umwini anakaikamba ndi kampani ya Rhodes. Atawapeza malowo anamanga tauni yathunthu pamwamba pa phiri: sukulu ya Overtoun, nyumba yamiyala ija ilipo mpaka lero, madzi a m'mipopi, magetsi a mphamvu ya madzi pofika 1905, ndi msewu wa Gorodi wokhotakhota kuchokera kunyanja. Chilolezo chomangira sanakachipemphe kukhonsolo iliyonse. Khonsolo anali iye mwini, wojambula mapu iye yemwe, woyendera ntchito iye yemwe.

Ku Mzimba nkhani inayenda mosiyana, ndipo izi muzisunge chifukwa tizipezanso kutsogoloku. Angoni a M'mbelwa sanagonjetsedwe pa nkhondo ndi Angerezi. Analowa pansi pa boma mochedwa, mu 1904, atakambirana ndi Alfred Sharpe pa msonkhano wa ku Ekwendeni. Dziko lawo silinali m'chikalata cha kampani ija. Mpaka lero ku Mzimba mukamva kuti dziko ndi la Inkosi ya Makosi, musayese ndi mawu a ulemu chabe. Eni ake amanena akutanthauza.

Pali chinanso chimene atsamunda anasiya kumpoto, ndipo chimanamiza maso a wogula mpaka lero. Msonkho wa nyumba unafuna ndalama, koma ntchito ya ndalama kumpoto kunalibe. Amuna anayamba ulendo: Atonga a ku Nkhata Bay m'gulu la oyambirira, kenako Atumbuka ndi Angoni, kupita ku Salisbury, ku migodi ya mkuwa, ku Joni, ena pa okha, ena kudzera ku Wenela. Ena anabwerako ndi njinga ndi jekete, ena anasanduka matchona. Azungu a ku Zomba anafika pomakutcha kumpoto kuti n'chigawo chakufa. Sichinali chakufa, eni ake anali kuntchito. Munda wa munthu amene ali ku Joni umamera tchire, koma m'mudzi aliyense amadziwa kuti tsala ilo ndi la uje. Inu mukamatsika galimoto n'kuona thengo lopanda nyumba kuchokera pamsewu mpaka kuphiri, mukuona ndi maso a Fotheringham. Pamenepo pali tsala la wina, podyetsera ng'ombe za mudzi wonse, potola nkhuni amayi, mwinanso manda akale amene chizindikiro chake ndi mitengo yosadulidwa basi.

Tidumphe pang'ono. Mu 1936 boma la atsamunda linalengeza kuti malo onse amene sanagulitsidwe kwa azungu kapena kutengedwa ndi boma asungidwe m'dzina la anthu akuda. Titalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 linagawa dziko patatu: malo a boma, malo a munthu payekha okhala ndi chikalata, ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Malo a makolowa lamulo linawaika m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Mfumu inali ndi mphamvu yogawa motsata mwambo, osati yogulitsa, ndipo makhoti athu akhala akubwereza mfundo imeneyi: wokhala pamalo a makolo ali ndi ufulu wolimapo ndi kukhalapo, koma alibe umwini woti angaugulitse ngati njinga.

Khomo linali limodzi, la lizi. Nduna inali ndi mphamvu yodula gawo la malo a makolo n'kulibwereketsa kwa munthu kwa zaka zingapo. Wofuna lizi ankatenga fomu yosonyeza kuti mfumu yafunsidwa ndipo yavomera, kupita nayo kwa DC, kenako ku ofesi ya za malo, oyeza malo n'kubwera kudzazika mabikoni. Msampha unali apa: malo akangolowa mu lizi, ankatuluka m'manja mwa mudzi. Lizi ikatha, sankabwerera kwa mfumu koma ankakhala a boma. Mafumu angati amene anadinda mafomu aja akudziwa zimenezi?

Khomo limeneli linatseguka kwambiri chifukwa cha fodya wa bale. M'nthawi ya Kamuzu Banda, mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mlimi wamba sankaloledwa kulima bale. Chilolezo chinali cha eni maesiteti okha, ndipo esiteti inkafuna lizi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 maesiteti m'dziko muno anali chikwi chimodzi ndi kanthu, koma pofika 1989 anali atapitirira 14,000. Mzimba ndi Rumphi anali m'gulu la maboma amene fodyayu anafalikira kwambiri, mpaka matenanti ankachita kuchokera ku Mulanje ndi ku Thyolo pamalole. Ena mwa eni maesiteti anali akuluakulu a chipani ndi a boma. Koma ambiri anali mabanja wamba amene anaphatikiza minda yawo kuti ikwane esiteti, n'kulembetsa dzina la munthu mmodzi, kawirikawiri mchimwene wamkulu kapena amene anapitako kusukulu. Aliyense ankadziwa kuti dzinalo ndi lopezera chilolezo cha fodya chabe. Lero mchimwene uja anamwalira, ana ake anakulira m'tauni, apeza chikalata m'sutikesi chili ndi dzina la bambo awo, ndipo akufuna wogula. Ana a ang'ono ake a malemuwo akulima pomwepo. Chikalatacho n'chenicheni, si chachinyengo. Kungoti ma lizi ambiri a minda anali a zaka 21, ndiye muyambe mwawerenga deti lake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Boma nalonso linatenga gawo lake. Paki ya Nyika itakulitsidwa mu 1978, midzi inasamutsidwa, ndipo ku Vwaza zinachitikanso chimodzimodzi. Ku Chintheche anthu anachotsedwa kuti pamangidwe fakitale ya mapepala yogwiritsa ntchito paini wa ku Chikangawa, fakitale imene sinamangidwe mpaka lero. Munthu wa kumpoto akamakayikira mlendo wobwera ndi mafomu ndi tepi yoyezera, si nkhanza kapena tsankho. Anaonapo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza nkhani za malo mu 1996. Lipoti linatuluka mu 1999, ndondomeko ya dziko ya za malo mu 2002, koma malamulo ake anadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016. Zaka 14 ndondomeko ili m'kabati! Lamulo latsopano la malo a makolo linabweretsa izi: banja kapena munthu angathe kulembetsa munda wake wa makolo n'kulandira chikalata, popanda kuusandutsa lizi. Ntchitoyi inapatsidwa kwa komiti ya malo ya m'dera la gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupu, mamembala ena ndi 6 osankhidwa ndi anthu, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Pali kalaliki wa malo wosunga mabuku, ndipo mikangano ili ndi mabwalo ake kuyambira kwa mfumu yaikulu, kupita paboma, mpaka bwalo la dziko lonse. Rumphi inali m'gulu la maboma oyamba kuyesera kalemberayu. Ku Mzimba mafumu, motsogozedwa ndi Inkosi ya Makosi M'mbelwa V, anakana poyera, ati lamuloli likuwalanda mphamvu pa dziko la makolo awo. Mwakumbukira 1904 uja? Mu 2022 malamulowa anakonzedwanso, ndipo mwa zina anakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino.

Ndiye tibwerere ku uthenga wa pafoni uja. "Mapepala a amfumu" nthawi zambiri ndi kalata yolembedwa pamanja, ya chidindo cha nyakwawa kapena gulupu, yonena kuti uje wapereka malo kwa uje pamaso pa mboni. Kalatayo si yachabe, ndi umboni woti munafika mwaulemu ndipo anthu anaona. Koma si chikalata cha umwini, ndipo kubanki simungakongolere nayo ndalama. M'madera ambiri akutali kalembera watsopano uja sanafike, motero mukugula pakati pa malamulo awiri: akale amene anthu akuwatsatabe, ndi atsopano amene ali m'buku. Ofesi yaikulu ya za malo ya chigawochi ili ku Mzuzu. Kumeneko ndiko mungafufuze ngati malowo ali kale mu lizi ya wina, kapena ngati ndi a boma. Ulendo umenewo ndi wotchipa kuposa loya.

Ndipo inu a kwathu kuno ku chigawo chapakati ndi kummwera, kumene munda umayenda ndi mbumba ndipo mawu omaliza amakhala a malume, samalani pofunsa. Kwa Atumbuka, Angoni, Angonde ndi Alambya, mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ndipo malo amatsata mzere wa bambo. Amene angadzakuimitseni si mlongo wa wogulitsayo kapena malume ake, koma azichimwene ake, abambo ake aang'ono, ndi ana aamuna a malemu mkulu wake. Theka la anthu amenewa mwina lili ku Johannesburg kapena ku Cape Town, pakuti ulendo uja unayamba ndi msonkho wa nyumba sunathe. Mayi wamasiye angathe kukugulitsani munda moona mtima chifukwa cha fizi ya mwana, abale a mwamuna wake n'kudzati analibe mphamvu. Mnyamata angathe kugulitsa mayi ake omupeza akulima pomwepo, inu n'kukhala amene mwathamangitsa nkhalamba pamunda. Zonse ziwiri zimachitika. Kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja, kumene maloji amakonda, munthu amatha kukhala ndi mbali kwa bambo ndi kwa mayi komwe, ndiye ofunsidwa amachuluka. Dobadoba amene wakupezerani malo sangakuuzeni zonsezi, iye akudikira yake ya pamwamba. Paja safunsa anadya phula.

Tinene kuti zonsezo mwadutsa, malo ndi anu. Kumanga nako kuli ndi mbiri yake, ngakhale ndi yaifupi. Malamulo a mapulani anabwera ndi atsamunda ngati nkhani ya m'tauni: Zomba, Blantyre, Limbe, Lilongwe. Mzuzu weniweniyo ndi wa dzulodzulo, anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati likulu la minda ya mitengo ya tung, n'kudzakhala mzinda mu 1985. Lamulo la mapulani la 1988 linkagwira ntchito makamaka m'madera amene alengezedwa, monga mizinda ndi matauni a paboma. Kumudzi chilolezo chomangira chinali ndodo ya nyakwawa: yaloza apa, mwakumba maziko. Lamulo la 2016 ndi limene linati dziko lonse la Malawi tsopano ndi dera la mapulani. Nyumba wamba ya m'mudzi silinaivutitse, koma loji, sukulu, chipatala, malo omwetsera mafuta kapena nyumba zochititsa lendi zimafuna chilolezo, ngakhale zili kumene basi sifika.

Kayendedwe kake pakamwa n'kosavuta. Mumasonyeza umboni woti malo ndi anu, mapu a malowo ochokera kwa woyeza malo wovomerezeka, ndi mapulani a nyumba ojambulidwa ndi katswiri. Mumapereka kukhonsolo ya boma limenelo, kulipira ndalama yake, komiti ya mapulani n'kukhala pansi, a zaumoyo ndi ena n'kuikapo ndemanga. Ntchito ikakhala yaikulu kapena ili pamalo osachedwa kuonongeka, a zachilengedwe amafunanso kafukufuku wawo pansi pa lamulo la 2017. Chovuta ndi mtunda. Wa ku Nthalire khonsolo yake ili ku Chitipa. Wa ku Usisya yake ili ku Nkhata Bay, ndipo msewu wotsika phiri kupita ku Usisya nthawi ya mvula umafuna mtima. Ku Ruarwe mumafika pa boti, pa Ilala, kapena pa phazi. Akatswiri a mapulani ndi oyeza malo m'maboma akumidzi ndi ochepa, ntchito ndi yambiri. Ndiye anthu amangomanga, ati ndani adzabwere kuno kudzaona?

Amene amabwera kudzaona nthawi zambiri si munthu wa kukhonsolo. Pali mizere ingapo yosaoneka ndi maso imene mfumu singakuuzeni, chifukwa siili m'manja mwake. Woyamba ndi wa msewu: pa msewu waukulu ngati M1, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati ndi a msewu, ndipo tsiku lokulitsa msewu likafika, chomwe mwamanga m'menemo chimaona katapila. Wachiwiri ndi wa nyanja. A bungwe loona za madzi amaletsa kumanga pansi pa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Kwa zaka zambiri nyanja yathu inali yotsika, anthu anaiwala, maloji anasendera kumchenga. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri, ndipo munaona nokha zithunzi za mabedi akuyandama m'zipinda. Mchenga woyera wa mu uthenga uja, funsani nkhalamba za m'mudzimo kuti madzi a 1980 analekeza pati. Wachitatu ndi malire a paki ndi nkhalango za boma, amene m'malo ena bikoni yake inakwiririka kalekale koma m'mapu ilipo.

Palinso za pansi pa nthaka. Zimene Rhodes ankalota zinalipodi: malasha a ku Mchenga kunsi kwa Livingstonia, ndi yureniyamu wa ku Kayelekera amene kampani ya Paladin inayamba kukumba mu 2009. Mwa malamulo athu, miyala ya pansi ndi ya dziko, osati ya mwini munda. Chikalata chanu n'cha pamwamba pokha, ndipo ngati pansi pali kanthu, chimene mungayembekezere ndi chipepeso, chomwenso chimayenda bwino kwa amene ali ndi mapepala olongosoka ndi nyumba yovomerezeka.

Koma chimene chinandichititsa ine kuleka kuona chilolezo chomangira ngati njira yongotolera ndalama ndi Disembala wa 2009. Mwezi umenewo Karonga inagwedezeka ndi zivomezi zotsatizana kwa masabata awiri, chachikulu chofika 6.0 pa sikelo. Anthu anayi anamwalira, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, mabanja anagona panja mvula ili pakati. Nyanja yathu ili m'chigwa cha mng'alu waukulu wa dziko, ndipo kumpoto kwake nthaka siigona tulo. Nyumba zimene zinavutika kwambiri zinali zooneka bwino ndithu, za njerwa zootcha ndi malata, koma zomangira dothi m'malo mwa simenti, maziko osaya, zopanda lintala yomanga khoma lonse pamodzi. Pambuyo pake boma ndi mabungwe anatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Mmisiri wanu wa m'mudzi, amene adzakuuzeni kuti wamanga nyumba makumi atatu popanda pulani, mwina sanawaonepo. Munthu wa kukhonsolo amene mukumuzembayo ndi amene amayenera kukufunsani za lintala imeneyo.

Mukafunsa ine tsiku loyenera kukaona malo aja a maekala 5, ndingati musapite mu Ogasiti pamene msewu ndi wouma ndipo m'mudzi muli amayi ndi ana okha. Pitani chakumapeto kwa Disembala, matope ali m'mawondo. Mudzaona kumene madzi a mvula amadutsa ndi kumene amaima. Ndiponso ndi nthawi imene mabasi a ku Joni amatsitsa eni ake a matsala aja, atanyamula mafiriji ndi ma sola, kudzadya Khirisimasi kwawo. Mukapemphe amfumu kuti aitane banja lonse, muyende malire onse pamodzi kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu, kutsikira kukhwawa, oyandikana nawo munda ali pomwepo. Amene ali ndi mawu adzawanene inu ndalama zikadali m'thumba.